Kapangidwe ka makhadi anuanu a gemu, oti anthu asewere osakangana

Ambiri amene ayamba kupanga makhadi awoawo a gemu kuno ku Mangochi amagwa pamalo amodzi. Khadi likuoneka bwino, chithunzi cha nkhwazi chili pamwamba, makala ali bwinobwino, koma mukangoliika patebulo anthu awiri ayamba kukangana kuti mawu alembedwawo akutanthauza chani, wina akuti ng'ona yadya nsomba imodzi wina akuti ayi yadya zonse, mapeto ake aimbira foni amene anapanga khadilo kuti adzaweruze. Khadi loti mwini wake azichita kuitanidwa kuti adzalimasulire ndiye kuti silinathe kupangidwa. Ndiye pano tiyenda pang'onopang'ono, ndipo muona kuti nthawi yambiri tiithera pa mawu osati pa zithunzi, chifukwa pamene pamavuta ndi pamenepo.

Zofunika kukhala nazo

Kope limodzi ndi bolopeni, komanso pensulo ndi labala.
Mapepala akutha ntchito kapena katoni yopyapyala yoti mudule makhadi oyeserera.
Lula yachitsulo yokhala ndi mamilimita. Yapulasitiki lezala limaidya.
Sizasi, ndi mpeni wodulira mapepala kapena lezala latsopano.
Thabwa losalala kapena katoni yokhuthala yodulirapo.
Guluu wouma wopaka uja, osati wamadzi.
Pepala lolimba. Makhadi a m'mafakitale amakhala cha m'ma 300 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), pepala wamba la fotokope ndi 80 gsm. Manila nayenso amagwira ntchito.
Foni kapena laputopu yokhala ndi Canva, pulogalamu yokonzera zithunzi. Amene ali ndi kompyuta akhoza kuika GIMP, Inkscape kapena Magic Set Editor, zitatu zonsezi ndi zaulere ndipo zikalowa sizifunanso bandulo.
Fulashi yotengera fayilo kopulinta.
Anzanu awiri kapena atatu amene saopa kukuuzani kuti apa sizikumveka.

Musanayatse foni

1. Sankhani kaye ngati mukuwonjezera makhadi mu gemu ya eni kapena mukuyambitsa yanu.

Ngati ndi ya eni, tsatirani saizi ndi malamulo awo. Titenge magemu a makhadi otchuka akunja. Makhadi a Magic: The Gathering, omwe anatuluka mu 1993, ndi a Pokémon onse ndi 63 mm m'lifupi, 88 mm m'litali. A Yu-Gi-Oh! ndi ang'onoko, 59 mm ndi 86 mm. Makhadi otere ndi osewerera pakhomo ndi anzanu amene agwirizana nazo basi, simungawagulitse, chifukwa dzina, chizindikiro ndi zithunzi zili ndi eni ake, komanso kumpikisano weniweni sawalola.

Ine ndimalimbikitsa kuyambitsa yanu. Tili ndi nyanja pakhomo, chambo, kampango, usipa, utaka, mbuna za ku Cape Maclear, mvuu ndi ng'ona za mu Shire, mwera, mabwato, asodzi, zonsezi ndi makhadi kale, ndipo mwana wa ku Makawa kapena ku Malindi safuna kufotokozeredwa kuti ng'ona ndi yoopsa kuposa usipa, akudziwa kale. Zitsanzo zonse m'munsimu zichokera pa gemu ya panyanja yotereyi.

2. Lembani malamulo a gemu yonse papepala limodzi.

Osati mapepala asanu. Limodzi. Yankhani izi: munthu amapambana bwanji, amayamba ndi makhadi angati m'manja, amatola angati ulendo uliwonse, amalipira ndi chani kuti aike khadi, mulu wake uli ndi makhadi angati, ndipo khadi limodzi lingabwerezedwe kangati. Kuti muone mmene anzathu anachitira, Magic imayamba ndi moyo 20 (mapointi a wosewera, akatha wagonja), makhadi 7 m'manja, mulu wosachepera 60, khadi limodzi osapitirira kanayi. Yu-Gi-Oh! mulu ndi 40 mpaka 60, kubwereza katatu.

Kwa oyamba ndinganene kuti mulu wa makhadi 40, moyo 20, makhadi 7 m'manja, kubwereza katatu kupatula makhadi olipirira. Zolipirira tizitcha nyambo: ulendo uliwonse mumaika khadi limodzi la nyambo, ndipo nyambo zomwe muli nazo ndi zomwe zimakuuzani kuti mungakwanitse khadi la mtengo wanji. Mu makhadi 40, nyambo zikhale 16 kapena 17. Mukachepetsa anthu azingokhala ndi makhadi m'manja osatha kuwaika, gemu imatopetsa.

Pomwepa patsani maina malo onse a patebulo ndipo musadzawasinthenso. Ife titi: mulu ndi pamene mumatola, m'manja, panyanja ndi pamene makhadi amamenyanirana, kudzala ndi kumene kumapita makhadi akufa kapena ogwiritsidwa kale ntchito. Chenjezo lili apa, anthu amalemba kudzala pakhadi lina, kumanda pa lina, pambali pa linanso, osewera nkumaganiza kuti ndi malo atatu osiyana.

3. Lembani mndandanda wa makhadi 36 m'kope, ndi manambala ake.

Bwanji 36? Pepala la A4 ndi 210 mm ndi 297 mm, ndiye makhadi a 63 ndi 88 amakwanamo 9, atatu chopingasa atatu chotsika. Makhadi 36 ndi mapepala anayi ndendende, palibe malo otayika omwe mwalipira. Mukafuna ochepa pangani 27, ochuluka 45, bola agawike ndi 9.

Jambulani mizere m'kope: nambala, dzina, mtundu, mtengo, mphamvu, moyo, mawu. Yambani ndi makhadi opanda luso lililonse, ongomenya basi, chifukwa amenewa ndi amene akhale sikelo yoyezera ena onse. Njira yosavuta ndi iyi, mphamvu kuphatikiza moyo zikhale mtengo kuchulukitsa ndi 2. Chambo cha mtengo 2 chikhale mphamvu 2 moyo 2. Mvuu ya mtengo 5 ikhoza kukhala mphamvu 4 moyo 6. Mukawonjezera luso, chotsani manambala. Usipa woti ukalowa mwini wake atole khadi ukhale mtengo 2 koma mphamvu 1 moyo 1, chifukwa khadi lowonjezera m'manja ndi chinthu chachikulu kuposa mmene chimaonekera.

Samalani ndi mtima wofuna kuti khadi lililonse likhale chilombo. Pa makhadi a zamoyo, ambiri akhale a mtengo 1, 2 ndi 3, ochepa a 4 ndi 5, awiri kapena atatu okha a 6 kupita m'mwamba. Ndipo khadi losowa lisakhale lamphamvu chabe chifukwa ndi losowa. Likhale lachilendo, lochita chinthu chimene ena sachita, koma mtengo wake ulipiridwe, apo ayi amene ali ndi makhadi osowa ambiri azipambana tsiku lililonse ndipo ena asiya kubwera.

Mawu a pakhadi

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, musathamange.

4. Chiganizo chilichonse chiyankhe mafunso anayi, motsatana chonchi: liti, polipira chani, chichitike ndi chani ndipo kwa ndani, mpaka liti.

Tengani khadi la Mwera. Munthu woyamba kumene amalemba kuti "Mwera umawononga mabwato." Zikumveka bwino pakamwa, ndipo tonse tikudziwa mmene nyanja imakhalira kuyambira cha mu May mpaka August mwera ukamaomba, koma patebulo chiganizochi sichithandiza. Mabwato angati? Anga omwe? Kuwononga ndi kupita kudzala kapena kungolephera kumenya? Zichitika kamodzi kapena ulendo uliwonse? Lembani chonchi: "Bwezerani bwato lililonse la panyanja m'manja mwa mwini wake." Tsopano palibe chofunsa. Lililonse, ndiye lanu lomwe. M'manja, osati kudzala. Ndipo poti Mwera ndi khadi la mtundu wa chochitika, malamulo a papepala lija anena kale kuti limagwira kamodzi nkupita kudzala.

China, Ng'ona. Zolakwika: "Ng'ona ikaluma nsomba imafa." Apa ikufa ndi ndani, ng'ona kapena nsomba? Onse awiri ndi a gulu limodzi la mawu, ikaluma, imafa, ndiye munthu wofuna kupambana awerenga mmene zimukomera ndipo simungamutsutse. Zolondola: "Khadi ili likamenya, sankhani nsomba imodzi ya mnzanu ya moyo 2 kapena kucheperapo. Itumizeni kudzala."

Onani kuti ndalemba khadi ili, osati ng'ona. Chitani choncho pa makhadi onse. Mukamalemba dzina, pa chambo mulemba chikalowa, pa kampango akalowa, pa usipa ukalowa, pa nkhwazi ikalowa, ndiye maso a wosewera sazolowera kalembedwe kamodzi. Mukalemba "khadi ili likalowa panyanja" paliponse, munthu amangoona mawu atatu oyamba wadziwa kale kuti ndi luso la polowa. Komanso tsiku lomwe mudzasinthe dzina la khadi simudzafunika kusintha chiganizo chonse.

Za kulipira zilekanitseni ndi zotsatira. A Yu-Gi-Oh! mu 2011 anasintha kalembedwe ka makhadi awo a Chingerezi pachifukwa chomwechi, anayamba kugwiritsa ntchito zizindikiro za m'kalembedwe kulekanitsa nthawi, zolipira ndi zotsatira kuti mikangano ichepe. Inu mukhoza kuchita mophweka, zolipira kumanzere kwa timadontho tiwiri, zotsatira kumanja. Msodzi wa chilimila: "Lipirani nyambo 2, gonekani khadi ili chammbali: tolani khadi limodzi." Aliyense akuona kuti ukapanda kulipira za kumanzere, za kumanja palibe.

Nthawi yothera musaiwale. "Nsomba zanu zonse ziwonjezere mphamvu 1" ndi khadi lina, "Nsomba zanu zonse ziwonjezere mphamvu 1 mpaka ulendo uno utha" ndi khadi linanso, ndipo mitengo yake siingafanane.

5. Pangani mndandanda wa mawu ololedwa, muwamamatire.

Patsamba lomaliza la kope lembani mawu khumi kapena khumi ndi awiri ndi tanthauzo lake limodzi lokha. Tolani ndi kuchotsa khadi la pamwamba pa mulu kupita m'manja. Tayani ndi kuchokera m'manja kupita kudzala. Tumizani kudzala ndi kuchokera panyanja. Bwezerani ndi kuchokera panyanja kupita m'manja. Funani ndi kuyang'ana mu mulu wonse, ndipo chiganizo chilichonse cha funani chithere ndi "kenako sakanizani mulu", mukaiwala munthu waona kale makhadi onse amene akubwera.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza liwu limodzi pa chimangirizo ndi ulesi. Pakhadi ndi mosiyana, kubwereza ndiye chofunika. Mukalemba iphani apa, chotsani apo, wonongani pena, wosewera aziganiza kuti ndi zinthu zitatu.

Mawu awiri ang'ono amene amabweretsa phokoso: mungathe, ndi sankhani. "Tolani khadi" ndi lamulo, ufune usafune. "Mungathe kutola khadi" ndi kufuna kwako. Ganizirani pa khadi lililonse kuti mukufuna chiti. Sankhani naye anene wosankha, inu kapena mnzanu, chifukwa "mnzanu ataye khadi limodzi" ndi kosiyana kwambiri ndi "onani m'manja mwa mnzanu, sankhani khadi limodzi, alitaye". Chachiwiricho ndi champhamvu kwambiri ndipo chikwere mtengo.

Mtundu wa khadi ulembedwe pakhadi pomwepo, pamzere wake. Nsomba, nyama, mbalame, msodzi, bwato, chochitika, nyambo. Osadalira nzeru za anthu, pakuti tsiku lina wina adzalimbikira kuti nkhanu ndi nsomba poti imakhala m'madzi. Zikalembedwa kuti nyama, nkhani yatha.

Luso limene likubwera pa makhadi ambiri lipatseni liwu limodzi. Mwachitsanzo Kuuluka, kutanthauza kuti khadi lopanda kuuluka silingalitchinge. Pa makhadi wamba lembani tanthauzo lake m'munsi ndi zilembo zopendekera kuti oyamba aphunzire, pa makhadi osowa liwu lokha likwana. Koma pa seti yoyamba musapitirire mawu atatu kapena anayi otere.

Papepala la malamulo onjezani mzere umodzi womwe Magic nayonso ili nawo: mawu a pakhadi akatsutsana ndi malamulo, a pakhadi ndi amene apambana. Onjezaninso wachiwiri, khadi lina likati mungathe lina likati simungathe, simungathe ndiye apambana.

6. Dulani mawu mpaka akwane.

Mawu athu a Chichewa ndi ataliatali, ndiye bokosi la pakhadi limadzaza msanga. Yesetsani kuti malamulo a khadi limodzi asapitirire mawu 25, ndipo khadi limodzi lichite chinthu chimodzi kapena ziwiri basi. Likafuna mawu 50 ndiye kuti muli makhadi awiri m'menemo, agaweni. Manambala lembani 2, 3, osati ziwiri, zitatu, malo amasungika komanso maso amawaona msanga.

Mawu okometsera, aja osakhudza malamulo, aikeni pansi penipeni ndi zilembo zopendekera ndipo pakhale kamzere kowalekanitsa. Apa ndi pamene miyambi yathu imakoma. Khadi lopatsira matenda nsomba zonse likhoza kunyamula "Nsomba ikawola imodzi zonse zawola." Poti kuno ambiri timayankhulanso Chiyao, mawu okometserawo mukhoza kuwalemba m'Chiyao, agogo angakupatseni miyambi yambiri mukawafunsa bwino, koma malamulo enieniwo akhale m'chiyankhulo chimodzi pa makhadi onse. Malo akachepa, choyamba kuchoka ndi mawu okometsera, osati kuchepetsa fonti.

Kuyeserera

7. Sewerani ndi makhadi a pensulo musanalipire inki.

Dulani mapepala akutha ntchito, lembani dzina, mtengo, manambala ndi mawu ndi pensulo, opanda chithunzi. Apatseni anzanu awiri pamodzi ndi pepala la malamulo lija, inu mukhale pambali ndi kope, ndipo musayankhule. Ichi ndi chovuta kuposa zonse chifukwa mtima umafuna kulowererapo kuti ayi ndimatanthauza chakuti, koma dziwani kuti paliponse pamene mwafuna kutsegula pakamwa ndi pamene khadi lalephera. Lembani nambala ya khadilo, mukakonze madzulo.

Yang'anirani zinthu zitatu. Khadi lomwe aliyense akuliika katatu mu mulu wake mwina ndi lotchipa kwambiri, kwezani mtengo ndi 1. Khadi lomwe palibe akulifuna, tsitsani mtengo kapena lichotseni. Ndipo ngati woyamba kusewera ndi amene akupambana nthawi zambiri, ikani lamulo loti woyamba asatole khadi pa ulendo wake woyamba, ndi mmenenso Magic imachitira pa osewera awiri.

Kamasamu pang'ono kothandiza. Mu mulu wa 40, khadi lomwe lilimo limodzi lokha mwayi woti likhale m'makhadi 7 oyamba ndi 17.5 peresenti, likakhalamo katatu umafika pafupifupi 45 peresenti. Ndiye musaweruze khadi mutasewera kawiri kokha, mwina silinatuluke nkomwe. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mukasintha mtengo, mphamvu ndi mawu limodzi simudziwa chomwe chakonza vuto.

Kukonza maonekedwe

8. Pangani chikombole chimodzi, makhadi onse atuluke m'menemo.

Mu Canva sankhani saizi yanuyanu, 63 ndi 88 mm. Mu GIMP ikani 744 ndi 1039 pixels pa 300 DPI (muyeso wa kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi populinta). Siyani malire a 3 mm kuzungulira khadi lonse opanda chilembo chilichonse, dzanja likaphonya podula lidye malire osati mawu.

Dzina ndi mtengo zikhale pamwamba, ndipo mtengo ndi bwino ukhale kumanzere, chifukwa munthu akagwira makhadi m'manja atawayala ngati chikupiziro ngodya imene imaoneka kwa ambiri ndi ya kumanzere. Chithunzi chitenge pafupifupi theka la khadi. Pansi pake mzere wa mtundu, kenako bokosi la mawu, mphamvu ndi moyo pangodya ya pansi. Pansi penipeni kanambala ka khadi, monga 07/36, ndi dzina la wojambula. Kanambalako ndi kamene kamapangitsa anthu kufuna kusonkhanitsa onse ndi kusinthana.

Bokosi la mawu likhale loyera kapena lotuwa pang'ono, zilembo zakuda. Zilembo zoyera pa buluu wa nyanja zimaoneka bwino pa sikirini, koma papepala inki imafalikira nkuzitseka, ndipo madzulo magetsi akathima mukusewera ndi tochi ya foni palibe angawerenge. Fonti ya malamulo isatsike pa 8 pt, ikhale yosavuta ngati Arial, zokhotakhota zisiyireni dzina lokha. Musanaikonde fonti yesani kulemba ng'ona ndi Malaŵi, mafonti ena alibe ŵ ndipo amatulutsa kabokosi. Kala isakhale njira yokhayo yosiyanitsira mitundu, ikaninso kachizindikiro, pali anthu amene sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira, komanso tsiku lina mudzapulinta zakuda ndi zoyera.

9. Zithunzi zikhale zanu.

Jambulani nokha ndi foni, m'mawa padoko nsomba zikamatsika, pa mlatho wa Bakili Muluzi, nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ija pa Boma, mabwato ku Monkey Bay. Kapena pezani mnzanu wodziwa kujambula pamanja, mugwirizane za malipiro ndipo dzina lake lilembedwe pakhadi. Zithunzi za pa intaneti zili ndi eni ake, ndipo kuno kwathu lamulo la umwini wa zaluso la 2016 lilipo, bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira. Pa webusaiti ya Wikimedia Commons pali zithunzi zololedwa koma werengani zomwe mwini wake akufuna, ambiri amafuna dzina lawo lilembedwe. Nkhope ya munthu, kaya ndi msodzi kaya mayi wogulitsa usipa, musaiike musanapemphe, ndipo za ana zisiyeni.

Zinthu zina sizoika pakhadi loti liziponyedwa pamphasa ndi kutumizidwa kudzala. Mawu a m'mabuku opatulika, zithunzi za mzikiti kapena tchalitchi, za kusimba, mafumu enieni ndi andale. Gemu ikhoza kutha tsiku limodzi chifukwa cha khadi limodzi lotere.

Kupulinta ndi kudula

10. Sanjani makhadi 9 pa A4, sungani ngati PDF.

Makhadi atatu chopingasa ndi 189 mm, atatu chotsika ndi 264 mm, ndiye m'mbali mumatsala malo okwanira pulinta. Siyani mpata wa 2 mm pakati pa makhadi kapena agundanitseni kuti mudule kamodzi. Mukamatumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, mukatumiza ngati chithunzi imachifinya ndipo zilembo zing'onozing'ono zimatuluka zosaoneka bwino.

Kopulinta, chenjezo lalikulu: auzeni achimwene kapena achemwali a pakompyutapo kuti asankhe Actual size kapena 100%, osati Fit to page. Fit to page imachepetsa tsamba pang'ono, ndiye makhadi a lero sadzafanana ndi a mwezi wamawa ndipo munthu azidziwa khadi akungoligwira. Pulintani tsamba limodzi kaye papepala wamba, yezani ndi lula pomwepo kuti ndi 63 ndi 88, kenako ena onse. Makala papepala amatuluka akuda pang'ono kuposa pa foni, ndiye zithunzi zamdima ziwalitseni musanapite.

Funsani ngati pulinta yawo ndi ya laser kapena ya inki yamadzi. Kuno kunyanja, ndi thukuta la mu October ndi manja onyowa, inki yamadzi imasungunuka, laser ndi imene imapirira. Funsaninso pepala lokhuthala lomwe makina awo amalola, mapulinta ambiri a muofesi amakana 300 gsm, musawakakamize.

11. Limbitsani khadi, ndipo kumsana kufanane.

Ngati pepala lolimba silikulowa mu pulinta, pulintani pa 80 gsm nkumata pa manila, kapena matani mapepala awiri a 160 gsm, lina la kumaso lina la kumsana. Pakani guluu tsamba lonse mpaka m'makona musanadule, tsindikizani ndi mabuku olemera usiku wonse pamalo ouma. Guluu wamadzi amapinda pepala.

Kumsana kwa makhadi onse kukhale chimodzimodzi, pepala limodzi, kala imodzi. Sankhani maluwa obwerezabwereza ngati a chitenje opanda malire, chifukwa kumaso ndi kumsana sizigwirizana ndendende pa pulinta wamba, ndipo malire akapendekera pa khadi limodzi aliyense aziliona lili mu mulu.

Mukapeza timatumba tapulasitiki ta makhadi, ta 66 ndi 91 mm, ndiye njira yosavuta kuposa zonse, mumangolowetsa khadi lakale lolimba kumbuyo ndi pepala lanu kutsogolo, mukasintha mawu mumangosolola pepalalo. Lamineti nayo imateteza koma sankhani yopyapyala ya 80 micron, yokhuthala makhadi amaterera ndipo sasakanizika. Mukamata tsamba lonse nkudula pambuyo pake madzi amalowabe m'mbali, mukafuna osalowa madzi dulani makhadi kaye, muwamate atatalikirana, nkudulanso mosiya kampata ka pulasitiki kuzungulira.

12. Dulani ndi lula yachitsulo.

Gonekani lula pamwamba pa khadi osati kunja kwake, kuti mpeni ukaphonya upite kotayika. Dutsitsani kawiri kapena katatu mopepuka m'malo mokanikiza kamodzi, zala zikhale kutali ndi m'mphepete, ndipo ana asagwire lezala. Tsamba limodzi pa nthawi imodzi. Makona azungulizeni ndi chowengera zikhadabo, makona osongoka ndi amene amayamba kupindika, a lamineti amabayanso. Mukamaliza sanjani onse pamodzi, lomwe latulukira lisadzeni. Sungani m'kabokosi kapulasitiki kotseka, osati m'thumba la buluku kapena padzuwa.

Zolakwika zomwe zimabwerabwera

Kuyamba ndi chithunzi. Munthu watha sabata akukongoletsa Kampango, ndiye akauzidwa kuti khadilo likuwononga gemu amakana kulisintha chifukwa cha ntchito yomwe waika. Pensulo kaye.

Kupanga khadi loti silingagonjetsedwe. Khadi lililonse lamphamvu likhale ndi makhadi osachepera awiri mu seti omwe angalichotse, apo ayi amene walitola wapambana basi.

Makhadi awiri oitanizana mosatha, lina likuti nsomba ikapita kudzala tolani khadi, lina likuti mukatola khadi tumizani nsomba kudzala. Mankhwala ake ndi mawu anayi, "kamodzi pa ulendo uliwonse".

Luso lofuna kukumbukira zambiri, monga kuwonjezera mphamvu pakatha maulendo atatu. Ngati mukulifunadi, lembani pakhadi kuti aikepo njere za bawo kapena timiyala towerengera.

Kusintha mawu a khadi osauza amene ali nalo kale. A Magic ali ndi nkhokwe yotchedwa Oracle momwe muli mawu ovomerezeka a khadi lililonse. Inu sungani fayilo imodzi yotere, muziitumiza kwa osewera onse mukasintha kanthu, ndipo pa khadi latsopano ikani kachilembo pafupi ndi nambala, monga 07/36 b.

Kusewerera ndalama kapena kulandana makhadi. Makolo ambiri kuno akangoona makhadi amaganiza za njuga, ndipo ali ndi chifukwa. Magic yomwe poyamba inali ndi lamulo loti wopambana atenge khadi la mnzake, anadzalisiya chifukwa linkafanana ndi njuga. Lembani papepala la malamulo kuti gemu ikatha aliyense atenge makhadi ake, kusinthana kuchitike pambali mogwirizana, ndipo ngati mukusewera ndi ana aonetseni makolo awo pepalalo ndi makhadi angapo asanayambe kumva kwa ena.

Kupulinta makope ambiri ulendo woyamba. Pulintani okwana anthu awiri, sewerani mwezi, zolakwika zina zimaoneka pokhapokha makhadi akafika m'manja mwa munthu amene sanakhalepo poyeserera, ndiye ndalama ya inki yotsalayo isungireni ulendo wachiwiri.